Zigwa ziwiri m'mphepete mwa silikoni

Amene anaphunzira fizikisi n'kufika nayo patali amaidziwa pamtima nambala ya 25,812.807. Ndi ma ohm amene amatuluka ukatenga h, nambala ya Planck, n'kuigawa kawiri ndi chaji ya elekitironi. Imatchedwa ndi dzina la Klaus von Klitzing, amene anaivumbula usiku wa pa 4 kuchezera pa 5 February 1980 mu labotale ya maginito amphamvu ku Grenoble, m'dziko la France. Koma mukatsegula pepala limene iye, Gerhard Dorda ndi Michael Pepper anasindikiza chaka chomwecho mu Physical Review Letters, mupeza kuti nambala imene anaiyeza mosamalitsa si imeneyo ayi. Ndi 6,453, gawo limodzi mwa magawo 4 a nambala yotchukayo. Nkhani yanga yonse yagona pa 4 ameneyu.

Chimene von Klitzing ankayeza chinali transista ya silikoni ya mtundu wa MOSFET, ya banja lomwelo la zimene zadzaza m'mafoni ndi m'makompyuta athu lero. Dorda ankagwira ntchito ku Siemens ku Munich, Pepper anali ku Cambridge, ndipo masampulo ankachokera kwa awiriwa. Mu transista yotere, pamwamba pa silikoni pamakhala kagalasi kopyapyala ka oxide, ndipo pamwamba pa kagalasiko pamakhala geti. Ukaika volteji pa geti, maelekitironi amakokedwa n'kudzaunjikana pamene silikoni wakumana ndi galasi, m'kamalo kopyapyala moti sangakwere kapena kutsika, amangoyenda cham'mbali basi. Ukaziziritsa zonsezi kufika pa kelvin 1.5, n'kuika maginito a tesla 18 olasa kuchokera pamwamba, n'kudutsitsa karenti, umaona zimene Edwin Hall anaona mu 1879 pa kagolide kopyapyala ku Baltimore: maginito amakankhira maelekitironi kumbali, ndipo pakati pa mbali ziwiri za sampulo pamabuka volteji. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno volteji ija sisintha mosalala. Imafika pena n'kuima nji, ngakhale upitirize kusintha geti, kenako n'kusamukira pa malo ena athyathyathya. Pa malo oterewa resistance yake ndi 25,812.807 kugawa ndi 1, ndi 2, ndi 3, ndi 4, kaya sampuloyo ndi yaitali bwanji, kaya anaipanga ndani.

Nanga bwanji anayeza pa 4? Maginito amphamvu amasanja maelekitironi m'magulu a mphamvu otchedwa ma level a Landau, ndipo m'silikoni level iliyonse imagawikanso panayi. Kugawika koyamba n'kwa spin, kamaginito kachibadwa ka elekitironi kamene kamaloza kumwamba kapena pansi. Kugawika kwachiwiri n'kwa zigwa. Mipata ya pakati pa timagulu tinayiti ndi yaing'ono, pamene mpata wa pakati pa level ndi level inzake ndi waukulu. Choncho level yoyamba ikadzaza yonse, malo athyathyathya amatambalala ndi kuyera kuposa ena onse. Munthu wofuna nambala yodalirika amayeza pamenepo.

Zigwa zimenezi simungaziloze ndi chala pa tchipi. Zili pa mapu osonyeza mphamvu ya elekitironi malinga ndi mmene funde lake likuyendera m'kati mwa kristalo. Mu kristalo ina yotchedwa gallium arsenide malo otsikitsitsa pa mapuwo ndi amodzi okha, pakatikati. M'silikoni alipo 6, awiriawiri motsata mbali zitatu za kristalo, ndipo elekitironi ikhoza kukhala m'chigwa chilichonse ndi mphamvu yofanana. Ukaipanikiza pa nkhope ya silikoni imene mafakitale amaikonda, yotchedwa 100, zigwa 4 zimakwera m'mwamba n'kuchoka m'nkhani. Zimatsala ziwiri, china cha funde loloza kumwamba, china cha funde loloza pansi. Ziwirizi zikanakhala zofanana ndendende pakanapanda malire aja a silikoni ndi galasi. Koma funde likagunda malirewo limabwerera, chigwa china n'kugwirana ndi chinzake, ndipo m'malo mwa ziwiri zofanana mumatuluka chapansi ndi chapamwamba, zosiyana pang'ono chabe. Alan Fowler, Frank Fang, Webster Howard ndi Phillip Stiles a ku IBM anali ataona kale zizindikiro za kusiyana kumeneku mu 1966, ndipo mu 1977 Fusayoshi Ohkawa ndi Yasutada Uemura ku Tokyo anayesa kukuwerengera ndi masamu. Pamene von Klitzing ankalandira mphoto ya Nobel mu 1985, zigwa sizinali zachilendo kwa wina aliyense. Anthu ankangoziwerenga, 2 kuchulukitsa ndi 2, n'kupitirira.

Funso limene linazunguza mitu chitadutsa chaka cha 1980 linali lina: nambala yoyera chotere ikutuluka bwanji m'chinthu chauve chotere? Pajatu malire a silikoni ndi galasi ndi okumbikakumbika, ndipo m'galasimo muli machaji otsalira amene amakoka ndi kukankha maelekitironi. Robert Laughlin anapereka yankho loyamba mu 1981, Bertrand Halperin mu 1982 anaonetsa kufunika kwa m'mphepete, ndipo Markus Büttiker mu 1988 anapereka chithunzi chimene ambiri timaganizira nacho mpaka lero. M'kati mwa sampulo, maginito amazungulitsa maelekitironi pamalo amodzi, sapita kulikonse. M'mphepete, kuzungulira kuja kumadukizidwa ndi khoma, ndipo elekitironi imayenda chonjanjanjanja motsata khomalo, kulowera mbali imodzi yokha. M'mphepete mwa kumtunda onse akupita kumanja, mwa kumunsi onse kumanzere. Kagulu kalikonse kodzaza kamapereka kanjira kamodzi ka m'mphepete, ndipo kanjira kalikonse kamanyamula karenti yofanana ndi kanzake. Elekitironi ikakumana ndi chopinga singabwerere, poti njira yobwerera ili kutsidya lina la sampulo. Imangochilambalala n'kupitirira. Ndipo uve uja suli chabe chinthu chopiriridwa. Ndi umene umakola maelekitironi owonjezera m'timaenje ta m'kati, kuti ukamasintha geti karenti ya m'mphepete isasinthe. Sampulo yopanda chilema n'komwe sikanaonetsa malo athyathyathya otambalala.

Tsono apa m'pamene pali chimene chimandigwira mtima. Tinjira tinayi ta m'mphepete mwa silikoni tikuyenda motsatana, kulowera kumodzi. Elekitironi ikadumpha kuchoka m'kanjira ka chigwa chapansi n'kulowa m'ka chigwa chapamwamba, sinabwerere m'mbuyo, ikupitabe kumene imapita. Karenti yofika kumapeto ndi yomwe ija. Thumba la nyemba ukalikweza pa sikelo, makilogalamu 50 ndi 50 basi, kaya muli nanyati yekhayekha, kaya wasakanikirana ndi kholophethe. Sikeloyo sinaname. Koma mayi amene akufuna mbewu yoti adzale sinamuuze kanthu. Muyeso wa von Klitzing ndi wangwiro chifukwa chomwecho chimene chimauchititsa kusaona kusakanikirana kwa zigwa: umangowerenga kuti tinjira ndi tingati, sufunsa kuti m'kanjira kalikonse muli ndani.

Umboni wake ndi wokongola. Mu 1991, Anthony Hartland wa ku National Physical Laboratory ku Teddington ndi anzake anaika pamodzi sampulo ya silikoni, ya zigwa ziwiri, ndi ya gallium arsenide, ya chigwa chimodzi, n'kuziyerekeza mwachindunji. Kusiyana kwake sikunafike magawo 4 pa magawo 10 biliyoni. Panthawiyo mayiko anali atagwirizana kale, kuyambira pa 1 January 1990, kuti ohm azisungidwa ndi nambala imeneyi, ndipo kuyambira pa 20 May 2019, pamene h ndi chaji ya elekitironi zinapatsidwa manambala osasinthanso, nambalayi inakhazikika pa maziko a miyeso ya dziko lonse. Kamita kamene wokonza mafoni pa msika wa Limbe amagunditsa pa bolodi, ukatsata ohm wake m'mbuyo kudzera m'maofesi a miyeso, ukathera pa malo athyathyathya amenewa. Ma labotale osunga ohm anasamukira ku gallium arsenide, imene sifuna maginito amphamvu kwambiri, ndipo pano ena akugwiritsa ntchito graphene. Zigwa za silikoni zinatsala m'manja mwa anthu ochepa okonda zovuta.

Chinazibweza poyera ndi kompyuta ya quantum. Mu 1998 Daniel Loss ndi David DiVincenzo anaganiza zotsekera elekitironi imodzi m'kadontho n'kugwiritsa ntchito spin yake monga qubit, kosungira uthenga m'kompyuta yotereyi, ndipo chaka chomwecho Bruce Kane analemba mu Nature za kuchita zofanana ndi maatomu a phosphorus m'silikoni. Ma qubit oyamba a mtunduwu anapangidwa mu gallium arsenide, koma m'menemo atomu iliyonse ili ndi kamaginito kake pakati, ndipo timaginito tonseto timasokoneza spin ya elekitironi msangamsanga. Silikoni wachilengedwe, magawo 92 pa 100 ndi silikoni 28 amene alibe kamaginito kameneka. Silikoni 29 amene ali nako ndi magawo 4.7 okha, ndipo akhoza kuchotsedwa. Onjezerani kuti mafakitale akhala akupanga matransista a silikoni kwa zaka zoposa 60, ndipo mumvetsa chifukwa chake aliyense anatembenukira kumeneko.

Kumeneko anakapeza zigwa zikuwadikira. Qubit imafuna malo awiri okha, kumwamba ndi pansi. Chigwa chapamwamba chikakhala pafupi, malo amakhala 4, ndipo uthenga umatayikira m'malo amene sukuwayang'ana. M'timadontho ta silikoni wopanikizidwa pakati pa silikoni jemeniyamu, kusiyana kwa zigwa kumayambira pa ma microelectronvolt makumi ochepa kufika mazana ochepa, ndipo kadontho aka ndi kanzake ka pa tchipi chomwecho sizifanana. Kuti muone kuchepa kwake, kutentha kwa kelvin 1 kumalingana ndi ma microelectronvolt 86, ndipo tesla iliyonse ya maginito imalekanitsa ma spin awiri ndi 116. Ndiye kuti pa maginito wamba a mu labotale, mpata wa spin ndi mpata wa zigwa zikhoza kukumana, ndipo zikakumana spin imagwa msanga kwambiri. Gulu la Andrew Dzurak ku Sydney linaonetsa zimenezi bwinobwino mu 2013.

Ine zigwa ndinayamba kuziona ndili wophunzira mu labotale ina ya zozizira kwambiri ku Ulaya. Tchipi chake ndi kambale ka mamilimita ochepa mbali zonse, kobiriwira mwa buluu ukakapendeketsa pa nyale. Pa maikulosikopu umaona kamzere kowongoka kokhala ndi timikono totuluka m'mbali, ndipo kumapeto kwa kamkono kalikonse kuli kabwalo ka chitsulo kamene umasokererapo waya wa aluminiyamu wa ma micron 25. Uvala chingwe padzanja kuti magetsi a m'thupi mwako asabowole oxide, chifukwa ikabowoka anzako amangoti geti likutaya, sampulo yafa, tenga ina. Ukatero umamangirira tchipicho pansi pa firiji, n'kutseka zitini zake chimodzi pamwamba pa chinzake, n'kudikira. Pampu imagunda mosalekeza usana ndi usiku mpaka khutu kuiiwala. Kukazizira, umadutsitsa karenti ya ma nanoampere ochepa n'kuyamba kukweza maginito pang'onopang'ono, maso ali pa kompyuta. Oyamba kuoneka ndi malo a manambala ogawika ndi 4, monga 12, 8 ndi 4. Maginito akakwera, pakati pawo pamabadwa 10, 6 ndi 2: spin yagawika. Otsiriza, ochita kunyengerera, ndi 5, 3 ndi 1. Amayamba ndi kakhwinya kakang'ono pa mzere, ndipo firiji ikangotentha pang'ono ndi amene amayamba kufufutika. Amenewo ndiwo zigwa. Pa usiku woterowo munthu amaona ndi maso ake kuti mipata itatuyi si yofanana mphamvu, ndiponso kuti wa zigwa ndiwo wofooka kuposa yonse.

Koma ngakhale pamenepo, umangoona kuti zigwa zalekana. Kuti uone ngati zikusakanikirana, uyenera kusokoneza dala mtendere wa m'mphepete, kudzaza kanjira kena kuposa kanzake, n'kuona kuti tiyenda mtunda wautali bwanji tisanafanane. Luso limeneli linabadwira mu gallium arsenide. Mu 1989 Bart van Wees ndi anzake ku Delft ndi ku Philips, komanso Susumu Komiyama ndi anzake ku Japan, anaonetsa kuti tinjira ta m'mphepete tikhoza kuyenda moyandikana mtunda wautali osagawana katundu. Mu 1992 gulu la von Klitzing yemweyo ku Stuttgart linapeza kuti tinjira tiwiri tosiyana spin yokha tikhoza kuyenda mpaka pafupifupi milimita yathunthu tisanafanane. Kwa elekitironi umenewo ndi ulendo wautali zedi.

Kachitidwe kake n'kosavuta kukamvetsa, ndipo ndimakakonda chifukwa masamu ake amakwana kuseri kwa envulopu. Ika mageti awiri opingasa pa kamzere kaja, motalikirana. Konza maginito kuti m'mphepete mukhale tinjira tiwiri, koma pansi pa geti lililonse pazidutsa kamodzi kokha. Kanjira kakunja kadzadutsa pansi pa mageti onse awiri, pamene kam'kati kadzabwezedwa. Ndiye pakati pa mageti awiriwo kanjira kam'kati kamangozungulira pokhapokha, kuchoka pa geti ili kupita pa linalo n'kubwerera m'mphepete mwa kutsidya. Ngati palibe elekitironi yodumpha, mkombero umenewu sugwira ntchito iliyonse, geti lachiwiri siliwonjezera kanthu, ndipo mita iwerenga ma ohm 12,906. Ngati tinjira tiwirito tisakanikirana kotheratu, mkomberowo umatenga karenti m'mphepete mwa kuno n'kukaitula kutsidya, kumene ikubwerera m'mbuyo, ndipo mita iwerenga 25,813. Nambala iliyonse ya pakati ikuuza kuchuluka kwa kusakanikirana, ndipo ukasintha mtunda wa pakati pa mageti umapeza utali umene tinjirato timafananirapo. Mu gallium arsenide tinjira tiwirito timasiyana spin. M'silikoni, popeza mpata wa zigwa kawirikawiri ndi wochepa kuposa wa spin, tinjira tiwiri toyambirira timakhala ta spin imodzi koma zigwa zosiyana. Muyeso womwewo, mawaya omwewo, koma funso lasintha.

Pali zifukwa zomveka zoyembekezera kuti zigwa zisalimbe mmene spin imalimbira. Kuti spin itembenuke pamafunika chinachake cha maginito, kaya timaginito ta pakati pa maatomu, kaya kulumikizana kwa spin ndi kayendedwe ka elekitironi, ndipo zonse ziwirizi m'silikoni n'zofooka. Chigwa chilibe chitetezo chotere. Ndiponso mpata wa mphamvu ukachepa, tinjira tiwirito timagona moyandikana kwambiri, mafunde ake n'kumalowana. Koma chifukwa chachikulu, chimene ndimabwererako nthawi ndi nthawi, n'chakuti dzina lakuti chapansi kapena chapamwamba elekitironi siyenda nalo m'thumba. Limaperekedwa ndi malire, pamalo pamene yaima.

Tiyeni titsike mpaka pa maatomu. Kabokosi ka kristalo ya silikoni ndi ka nanomita 0.543, ndipo m'kati mwake muli mizere 4 ya maatomu yosanjikizana, uliwonse wotalikirana ndi unzake nanomita 0.136. Mafunde awiri aja, loloza kumwamba ndi loloza pansi, akaphatikizana amapanga timikwingwirima tobwerezabwereza pa nanomita 0.32 iliyonse. Pamene nsonga za timikwingwirimati tagwera poyerekeza ndi malire m'pamene pamanena kuti chapansi ndi chiti. Tsopano malire aja akakwera ndi mzere umodzi wokha wa maatomu, sitepe ya nanomita 0.136, nsonga zija zimayenera kusuntha ndi madigiri pafupifupi 153 mwa 360. Kukanakhala 180, chapansi cha kumanzere kwa sitepe chikanakhala chapamwamba cha kumanja ndendende. Pa 153, kawerengedwe kosavuta kamati elekitironi imene yafika ili m'chigwa chapansi, ikawoloka sitepeyo mwadzidzidzi, mwayi woti ipezeke m'chapamwamba ndi pafupifupi 95 pa 100. Iyo sinasinthe kanthu. Pansi pake ndi pamene pasintha. Atomu imodzi ya msinkhu!

Ndipo masitepe oterewa si osowa. Palibe macheka amene amadula kristalo molunjika kotheratu. Wafer, mbale yodulidwa ku kristaloyo, ikapendekeka ndi theka la digiri, sitepe imabwera pa ma nanomita 16 aliwonse. Pa tesla 4, funde la elekitironi limatambalala pafupifupi ma nanomita 13, choncho nthawi zambiri limakhala litaponda mbali zonse ziwiri za sitepe. Mbali iyi ikuti chapansi ndi ichi, inayo ikuti ndi icho, ziwirizo n'kufafanizana, mpata wa zigwa n'kuchepa. Srijit Goswami ndi anzake ku University of Wisconsin ku Madison, m'gulu la Mark Eriksson, Mark Friesen ndi Susan Coppersmith, anaonetsa mu 2007 kuti ukafinya elekitironi kuti iponde masitepe ochepa, kaya ndi maginito kaya ndi mageti, mpatawo umakula.

Kuti elekitironi idumphe kapena isadumphe zimatengeranso liwiro. Lev Landau ndi Clarence Zener anawerengera nkhani yotere mu 1932: zinthu zikamasintha pang'onopang'ono, chinthu cha quantum chimatsatira n'kukhalabe pansi, koma zikasintha mofulumira chimasiyidwa pamwamba. Titenge elekitironi ya m'mphepete yothamanga makilomita 10 pa sekondi, ndi mpata wa zigwa wa ma microelectronvolt 100. Masamu ake amapereka utali wa ma nanomita 66. Chilichonse chosintha pa mtunda wofupikira pamenepa, kwa elekitironi imeneyi n'chadzidzidzi. Poyerekeza ndi masitepe a pa ma nanomita 16 aliwonse, muona nokha kuti m'mphepete mwa silikoni si malo oti chigwa n'kusungika mosavuta.

Zaka zaposachedwa zaonjezera zinthu ziwiri zimene zinasintha maganizo anga pa nkhaniyi. Mu 2020 Brian Paquelet Wuetz ndi anzake m'gulu la Giordano Scappucci ku Delft anayeza mpata wa zigwa pa masampulo oyera kwambiri a silikoni ndi silikoni jemeniyamu. Aliyense akanayembekeza kuti ukachulukitsa maelekitironi, n'kuwakanikiza kwambiri ku malire, mpatawo ukula. Iwo anapeza kuti umakula ndi maginito, koma susamala za kuchuluka kwa maelekitironi m'sampulo yonse. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti muyesowo sukumva za pakati, ukumva za timizere ta m'mphepete, mmene kuchuluka kwa maelekitironi kumasintha ndi mlingo woikidwa ndi maginito. Kwa zaka zambiri anthu ankayeza motere n'kumati akuyeza sampulo yonse, chonsecho akulankhula ndi m'mphepete. Kenako mu 2022 gulu lomwelo, pamodzi ndi anzawo a ku Wisconsin ndi ku Montréal, linagwiritsa ntchito makina ochotsa maatomu imodziimodzi n'kulemba pamene iliyonse inali. Linaonetsa kuti malire a silikoni ndi silikoni jemeniyamu si khoma losalala lokhala ndi masitepe apa ndi apo. Ndi chisakanizo cha mizere ingapo, mmene maatomu a jemeniyamu angogwera mwamwayi, ndipo kugwera kwamwayi kumeneku n'kumene kumalamula mpata wa zigwa pa malo aliwonse. Ngakhale utapeza wafer yopanda sitepe ndi imodzi yomwe, vuto likadalipo.

Mankhwala amene anatuluka pamenepo amandisangalatsa kwambiri, chifukwa akutsutsana ndi chibadwa cha aliyense wolima makristalo. M'malo mothamangitsa jemeniyamu, amamuthira dala m'kati mwa silikoni momwe elekitironi ikukhala. Funde likakumana ndi maatomu ambiri a jemeniyamu, mpata umakula pa avereji, ngakhale kuti umasiyanabe malo ndi malo. A ku Wisconsin mu 2022 anapanga sampulo imene kuchuluka kwa jemeniyamu kumakwera ndi kutsika mobwerezabwereza motsata kuya, kuti kugwirizane ndi mafunde a zigwa. Anthu amene moyo wawo wonse aphunzitsidwa kuyeretsa, tsopano akuphunzira kudetsa mwa muyeso. Sindiona chochititsa manyazi pamenepa. Uve ndi umene unapatsa von Klitzing malo athyathyathya, ndipo uve wa mtundu wina ndi umene ukulekanitsa zigwa ndi kuzisakaniza. Chimene chasintha ndi chakuti mu 1980 zinali zokwanira kudziwa kuti ulipo, pamene lero tikufunika kudziwa pamene atomu iliyonse yakhala.

Ena amaona muyeso wa m'mphepete monga zakale, zoyenera mabuku a ophunzira, poti ndalama ndi mitu ya nkhani zili ku ma qubit. Ine sindivomereza. N'zoona kuti m'mphepete si kadontho: maginito ake ndi amphamvu, maelekitironi ndi ambiri ndipo amakankhana, ndiponso kukanikiza kwa magetsi kumeneko n'kosiyana ndi kwa pansi pa geti la qubit. Nambala ya kuno sungangoinyamula n'kukaiika uko. Koma kadontho kamakuuza za malo amodzi, elekitironi itakhala phee. Kanjira ka m'mphepete kamakuuza za elekitironi imene ili pa ulendo, yadutsa masitepe mazanamazana ndi maatomu a jemeniyamu osawerengeka, ndipo kamakuuza ndi sampulo ya mageti ochepa, yosavuta kupanga, imene wophunzira mmodzi akhoza kuyeza m'sabata imodzi.

Ulendo wa elekitironi ndiwo wafika pakhomo tsopano. Ma qubit mamiliyoni sangapanikizane pamalo amodzi, mawaya ake sangakwane, choncho maganizo amene alipo ndi oti akhale m'timagulu totalikirana ma micron angapo, elekitironi n'kumanyamulidwa kuchoka kagulu aka kupita ako, spin yake ili yosasokonezeka. Gulu la Lars Schreiber ku Aachen limachita zimenezi ndi mzere wa mageti amene volteji yake imasinthasintha motsatana, n'kupanga kadzenje koyenda kamene elekitironi imakweramo. Ndi njira yomweyo ajambula mapu a mpata wa zigwa motsata kanjirako, ndipo mapuwo amaonetsa malo okwera, malo otsika, ndi ena amene mpata umatsala pang'ono kutsekeka. Pamalo oterowo m'pamene elekitironi ingadumphire m'chigwa chapamwamba, spin yake n'kuyamba kuzungulira pa liwiro losiyana pang'ono, uthenga n'kuwonongeka. Njira zimene akuganizira ndi kukhotetsa kanjirako cham'mbali kuti kalambalale malo oipawo, kusintha liwiro pofika pamenepo, kapena kuthira jemeniyamu uja kuti malo oipa achepe.

Elekitironi yonyamulidwa motere imayenda mamita ochepa kapena makumi ochepa pa sekondi. Ya m'mphepete imathamanga kuposa pamenepo kambirimbiri, mwina ka 1,000, choncho mayeso ake ndi owawa kwambiri: zokhota zimene yoyenda pang'onopang'ono ingazitsatire bwinobwino, yothamangayo imazimva zonse. Wopanga makristalo atandipatsa ma wafer awiri lero kuti ndisankhe yodulamo tchipi cha ma qubit, ndisanafunse za china chilichonse ndingadule kachidutswa pa iliyonse, n'kuikapo mageti awiri otalikirana ma micron 10, n'kutenga imene mita yake yatsamira ku 12,906.